Birimankhwe ndi Mfundo Zitatu za pa Dengu

Ndikulumbira pali lumo langa ili, pali mpando wometera uwu, pali manda a amalume anga a ku Thekerani: zimene nditi ndikuuzeni pano n'zoona zokhazokha! Ndikanama ngakhale liwu limodzi, tsitsi lonse limene ndameta chaka chino lindimerere pa lilime. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, sindikana, koma bodza sindinaliphunzire ine, paja limayambira ku Fomu. Magetsi athimawa sabwera msanga, ndiye khalani pabenchipo, ana inu. Iwe wometedwa mbali imodzi, leka kulira, mbali inayo sithawa. Ndikayamba, choyankha mukuchidziwa.

Padangokhala, dzana lisanabadwe, dzulo likadali m'mimba...

Eya, tili tonsedi.

Padangokhala phiri lina, dzina lake Mankhungu. Phirilo linkagona ndi nkhungu, kudzuka ndi nkhungu, moti mbalame zina zinkamanga zisa pamtambo poyesa nthambi, n'kumayandama nawo tsiku lonse, mazira ali phee. Nyama za m'phirimo zinali ndi makompyuta. Musaseke. Sanali ngati awa a m'masitolo ayi. Zinkatenga chipanda, kuchidula pamimba, kuthiramo mame a m'mawa, ndipo zilembo zinkaoneka pankhope ya madziwo. Mabatani anali nthanga za maungu. Magetsi ankachokera kwa ziphaniphani zogwira ntchito mosinthana, ndipo, mverani bwino apa, sankathima ngakhale kamodzi.

Koma chipanda pachokha n'chipanda basi. Chimafuna pulogalamu, ndiye kuti nzeru zolukaluka zimene zimachiuza chochita. Nyamazo zinkaluka zokha, aliyense yake. Njuchi analuka yosaka maluwa. Chule analuka yolosera mvula. Gologolo analuka yomukumbutsa pamene wakwirira mtedza, kenako n'kuiwala pamene waika pulogalamuyo. Zonsezi zinali zaulere. Wofuna ankatenga, wofuna ankamasula kuti aone mmene mnzake analukira, akapeza pong'ambika n'kusoka.

Mapulogalamu onsewa ankaikidwa m'dengu limodzi lalikulu, Dengu la Tonse. Kamodzi pachaka, mtsinje waukulu wa kunsi kwa phiri ukaphwa, a Njovu ankalisenza n'kuwoloka nalo kukapatsa nyama za tsidya lina. Mvula ikangoyamba mtsinjewo unkadzaza, ndiye wotsala watsala mpaka chaka chamawa. Kunalidi ulusi wa Kangaude wochokera kuno kukafika tsidya, koma unali woonda ngati tsitsi la khanda. Unkanyamula timauthenga tolemba basi. Pulogalamu ndi katundu wolemera, ikanaudula.

Wosunga dengu anali a Ngaka, aja a mamba thupi lonse, odzipinda ngati nkhata. Anawasankha chifukwa akadzipinda, ngakhale mkango umangowanyambita n'kubwerera.

Tsono m'phirimo munali mayi wina wokalamba, a Mfuko, wokhala mu una pansi pa nthaka. Mukudziwa kuti mfuko saona. Mwana wawo wamkazi, Ndaziona, amene sanaonepo kanthu chibadwire, anakwatiwa tsidya lija. Uthenga wake ukabwera pa ulusi, a Mfuko ankayenera kupempha Khwangwala kuti awawerengere. Khwangwalayo sankawerengera pansi ayi. Ankakwera pansonga pa mtengo.

"Tamverani nonse! Ndaziona akuti ali bwino! Koma mmene ndikuonera ine, banja limeneli silikuyenda!"

Tsidya linalo womulembera Ndaziona analinso khwangwala, msuweni wa yemweyu, pakamwa pofanana. Choncho mayi ndi mwana anasiya kuuzana za kumtima. Ankangotumizirana zanyengo. "Kuno kukuzizira." "Kuno kukutentha." Chaka ndi chaka, basi zomwezo.

Amene anawamvera chisoni anali Birimankhwe, mmisiri woluka bwino kuposa onse m'phirimo. Anawalonjeza pulogalamu yowerenga uthenga monong'oneza m'khutu, ndiponso yomva mawu a munthu n'kuwasandutsa zilembo, popanda khwangwala pakati. Anaitcha Nong'ona. Koma kuti ithandize, inayenera kukafikanso kwa Ndaziona, ndipo njira inali imodzi yokha: m'dengu, pamsana pa a Njovu. Vuto la Birimankhwe linali limodzi. Chinthu chikatha, iye sankaona kuti chatha. Zaka zam'mbuyomo dengu linkanyamuka iye akadali "kumalizitsa".

Mvula itatha, udzu utayamba kufiira, a Ngaka anaitanitsa msonkhano pansi pa mkuyu. Anabwera ndi chingwe cha luzi.

"Abale anga," anatero, "tipangane lero, kuti mawa pasapezeke wonena kuti ine sindinamve. Chiperoni chikagwa, ndimanga mfundo yoyamba. Mizati ya dengu, ija mapulogalamu onse amatsamirapo, osaigwedezanso. Mitengo ikavula masamba, mfundo yachiwiri. Chatsopano sichilowanso. Nyenje ikalira, mfundo yachitatu. Ine ndidzipinda pakamwa pa dengu, ndipo cholowa ndi chigamba chokha, chotseka pong'ambika. Kenako tidzayesa zonse pamaso pa aliyense. Chothyoka chitsala. Tikatero a Njovu anyamuka."

Nyani anakweza dzanja. "Bwanji mfundo yachitatuyo tidikire masuku apse? Ine nzeru zimabwera ndikakhuta."

"Masuku akamapsa madzi amakhala afika m'khosi mwanga muno," anayankha a Njovu. "Udzasenza ndiwe, mlamu?"

Nyani anatsitsa dzanja n'kuyamba kudzikanda nalo.

Birimankhwe anatembenuza diso limodzi kwa a Ngaka, linalo likuyang'ana gulugufe. "Achimwene, nyenje yake iti? Yoyamba kulira, kapena zikagwirizana zonse? Paja pali ina ya phuma, imalira nthawi isanakwane."

"Yoyamba."

"Nanga ikangotsokomola?"

"Ikatsokomola ndimanga."

Nyama zinaseka. A Mfuko okha ndiwo sanaseke. Anatulutsa mphuno panthaka n'kunena chapansipansi, "Bambo Birimankhwe, ine mano ayamba kugwedera. Mvula zanga zatsala zowerengeka. Chaka chino musatsale."

"Amayi, chaka chino ndikhala woyamba."

Ndipo, ana inu, anakhaladi woyamba! Chiperoni chinagwa, phiri lonse linayera mbee, mitengo inkaoneka ngati mizimu yoimirira pamzere, mawu ankayenda pang'onopang'ono ngati ofunda bulangeti. A Ngaka anamanga mfundo yoyamba. Birimankhwe anali ataluka kale Nong'ona. Anali kanthu kakang'ono, kopepuka, kotuwa ngati phulusa. Anaika mmodzi m'dengu, winanso wofanana naye anakapatsa a Mfuko kuti ayeserere ku una kwawo.

A Mfuko anaika khutu pachipanda. Nong'ona anayankhula mofewa ngati mame akugwa patsamba: "Kuno kukutentha, amayi."

Unali uthenga wakale, wopanda kanthu. Koma a Mfuko anaumva okha, popanda phiri lonse kumvetsera.

"Basi," anatero. "Musamukhudzenso. Akangofika kwa mwana wanga."

Nkhani ikanathera pomwepa, inu mukanapita kwanu, ine n'kugona pampandopa. Koma Khwangwala anali ataona kuti ntchito yake ikutha. Anatera panthambi ya Birimankhwe, n'kupendeka mutu.

"Aise, ndasuzumira m'dengu. Chotuwa chija n'chako?"

"N'changa."

"Aa! Ine ndimayesa chigamba cha thumba la makala. Mwana wa utawaleza, mwini mitundu yonse, kuluka chinthu chonga bulangeti la kundende? Paja dzina la woluka limalembedwa pakatundu. Tsidya lija akati, onani, uyu ndiye Birimankhwe wotchuka uja. Kaya, mwina wakalamba."

Anauluka. Mawu aja anatsala.

Birimankhwe anayesa kuwaiwala, koma anamulowa pansi pa khungu. Anayamba kuyenda m'phiri kutolera mitundu. Anatapa kubiriwira kwa nsonga za tiyi dzuwa likamatuluka. Anatapa kufiira kwa lupsa likamakwera phiri ngati mkanda wa moto. Anatapa chikasu cha dzuwa lobisala m'fumbi. Anabwereka ngakhale mtundu uja wa pakhosi pa njiwa, uja ulibe dzina. Zonse ankasunga m'tizigoba ta nkhono, n'kuyamba kuluka Nong'ona wachiwiri, wowala. Akupaka ankaimba:

Kamodzi kokha, kamodzi kokha,
ndingopaka kamodzi kokha.
Kakawala ndileka ine,
kamodzi kokha!

Imbani nanu, musachite manyazi. Eya. Kakawala ankaleka? Sankaleka.

Mitengo inavula masamba. A Ngaka anamanga mfundo yachiwiri. Birimankhwe anangoyang'ana ndi diso limodzi, n'kuti mumtima, changa sichatsopano, n'chakale chomwe chija chavala bwino.

Tsiku lina nthaka inatukuka pansi pa nthambi yake, mphuno ya a Mfuko n'kutulukira.

"Odi kuno. Bambo, ndikumva fungo la utoto. Mukumanga nyumba?"

"Ndikukongoletsa Nong'ona, amayi."

"Oo. Ndiye aziyankhula bwino kuposa pano?"

"Kuyankhula n'chimodzimodzi. Koma aziwala! Mawu achikondi azituluka ofiirira, mawu achisoni amtundu wa mtambo, moni wam'mawa wachikasu."

"Chikasu," anatero a Mfuko, akulawa liwulo ngati chipatso chachilendo. "Chabwino, bambo. Inu ndinu odziwa. Koma nyenje zayandikira, ndikuzimva zikudzuka pansi pano."

Birimankhwe sanamve. Anali atayamba kale:

Kamodzi kokha, kamodzi kokha,
ndingopaka kamodzi kokha.
Kakawala ndileka ine,
kamodzi kokha!

Kunja kunatentha. Mpweya unkavina pamwamba pa miyala. Ndiye m'mawa wina nyenje ya phuma ija inati nyeeee! A Ngaka anamanga mfundo yachitatu, anakwera padengu, n'kudzipinda pakamwa pake, ndi!

Birimankhwe anafika akukoka Nong'ona wake wowala, wolemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi, atamufunditsa tsamba la nthochi.

"Odi, achimwene."

Mawu anatuluka mkati mwa nkhata muja. "Chomangidwa chamangidwa."

"Ndabwera ndi kachigamba."

A Ngaka anatulutsa diso. "Chang'ambika n'chiyani?"

"Kung'ambika kwenikweni ayi. Koma kutuwa nakonso n'kung'ambika kwa mtundu wina."

"Tavundukulani." Anayang'ana. "Bambo, chigamba chanuchi chakula kuposa malaya. Chayesedwa ndi yani?"

"Ndi ine mwini."

"Mwini mwana sanena kuti mwana wanga ndi wonyansa. Chigamba inde, nsalu yatsopano ayi. Chisungeni, chidzalowa m'dengu la chaka chamawa, tikachiyesa mokwanira."

"Ine ndi inu tinakulira limodzi, achimwene."

"Nayenso Nyani tinakulira limodzi. Dzulo anabwera ndi chake. Ndikakutsegulirani inu, ndimutsegulira iye, kenako Gologolo, kenako phiri lonse. A Njovu adzawoloka ndi dengu la zinthu zimene palibe anaziyesa, ndipo tsidya lija alibe wowasokera. Chomangidwa chamangidwa." Diso lija linabwerera mkati.

Birimankhwe anachoka, koma sanapite kutali. Anadikira masana, dzuwa lili paliwombo, nthawi ija nyenje zimalira mpaka mutu kumayandama, nyama zonse zili lambalamba pamthunzi. Anasintha khungu lake kukhala mtundu wa nsungwi za dengu. Anayandikira mwakachetechete. Pansi pa mimba ya a Ngaka panali kampata, koti chala chako chaching'onocho sichingalowe. Koma lilime la birimankhwe mumalidziwa. Linati tsopu, kutulutsa wotuwa. Linatinso tsopu, kukankhiramo wowala. Mmene chinthu chachikulu chotero chinalowera pakampata kakang'ono, musandifunse ine, funsani lilime. Wotuwa uja anamuponya mumtsinje wa m'phiri, n'kumuona akuyandama, akusungunuka ngati utsi.

Linafika tsiku loyesa. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana, yakuda kumimba. A Njovu ankanunkhiza mphepo, akupondaponda pansi.

"Chizimalupsa chili m'njira," anatero. "Fulumirani."

Anaika chipanda chachikulu pakati pa bwalo. Pulogalamu ya Njuchi inayenda. Ya Chule inati kugwa mvula, ndipo onse anayang'ana kumwamba n'kuvomereza. Ya Gologolo inapezeka. Kenako a Ngaka anapisa dzanja n'kutulutsa Nong'ona. Atamuona anaima, n'kuyang'ana Birimankhwe nthawi yaitali. Kenako anathira Nong'onayo m'chipanda.

Ana inu! Ine amene ndikunenane ndinaonapo galimoto zozimitsa moto zokongoletsedwa, ndinaonapo ukwati wa mwana wa mwini golosale, koma zotere ayi. Madzi a m'chipanda anatseguka ngati duwa. Mitundu inakwera m'mwamba, inazungulira mkuyu, inakhala pamapiko a mbalame. Nkhungu inasanduka yofiirira, kenako yachikasu, kenako ya mtundu uja wa pakhosi pa njiwa. Minyanga ya a Njovu inaoneka ngati yoviikidwa mu uchi. Nyani anaiwala kudzikanda. Nyama zonse zinati, "Eeee!" Zinatinso, "Eeee!" Birimankhwe anatupa ngati chule.

Ndiye pansi penipeni panamveka timawu.

"Wayamba?"

Anali a Mfuko, khutu lili pachipanda.

"Mukuti ee, ee, chiyani, abale? Ine sindikumva kanthu. Wayamba kuyankhula?"

Nyama zinayang'anana.

Mitundu ija inali itamwa mphamvu zonse za ziphaniphani. Ya mawu sinatsaleko ngakhale kadontho. Nong'ona ankawala ngati kumwamba kwatseguka, koma anali duu, wosalankhula ngati mwala.

"Ndi... ndi wokongola kwambiri, amayi," anatero Birimankhwe.

"Ndikukhulupirira, bambo. Ndiye Ndaziona akamuona bwanji?"

Khungu la Birimankhwe linazimirira mtundu umodzi umodzi, mpaka linatuwa lokha.

A Ngaka anatulutsa Nong'ona m'chipanda n'kumuika pambali. "Mlandu wa mmene chinalowera tidzakamba a Njovu akabwerako. Lero pangano ndi lomwe lija tinagwirizana pansi pa mkuyu uno. Chothyoka chitsala."

"Ndipatseni kanthawi," anapempha Birimankhwe. "Ndichepetsa kufiira. Ndingokonza kamodzi kokha..."

Kumwamba kunati gugugu. A Njovu anagwada kuti awasenzetse dengu. "Ine mtsinje sundidikira, mphwanga. Ndikachedwa lero, tsidya lonse lisowa dengu chifukwa cha iwe."

"Nanga wotuwa uja ali kuti?" anafunsa a Ngaka. "Uja tinamuyesa kale, analibe vuto."

Birimankhwe anayang'ana pansi ndi maso onse awiri, kanthu kamene sanachitepo chibadwire. "Ndinamuponya m'madzi."

A Mfuko anangolowa pansi. Nthaka inatukuka, mzere n'kumathamanga kuloza ku una kwawo ngati njoka yobisala. Nyama zinamangirira dengu pamsana pa a Njovu. Dontho loyamba linagwa pamphuno ya Nyani. Mzere uja unabwerera, ndipo a Mfuko anatulukira ali wefuwefu, dothi thupi lonse, m'kamwa ataluma kanthu kakang'ono kotuwa.

"Uyu ndi uja munandipatsa kuti ndiyeserere. Ndakhala naye nyengo yonse yozizira, sanandikhumudwitsepo. Muikeni, a Ngaka."

A Ngaka, amene anali atakwera kale pamwamba pa dengu, anapukusa mutu. "Ndi wabwino, amayi, ndikudziwa. Koma katundu amalowa ndi dzanja la womuluka, pakuti dzina lake ndilo lili pamenepo, ndipo akathyoka woyankha ndi iyeyo. Sitiika dzina la mnzathu pa chinthu chimene mwini wake akuchikana. Bambo Birimankhwe, wotuwayu ndi wanu, kapena si wanu?"

Khwangwala anaseka pansonga pa mkuyu. "Vomera, aise, vomera! Tsidya lonse lidziwe kuti Birimankhwe ndi mmisiri wa phulusa! Ine ndiye ndikalengeza ndekha!"

Wowala anali kumanzere, akuthwanimabe paudzu. Wotuwa anali kumanja, m'dothi, pafupi ndi mphuno ya a Mfuko. Birimankhwe anakweza mwendo kuloza kumanja. Anaubweza. Anaukwezanso. Anaubwezanso. Diso lina kuno, diso lina uko.

A Njovu anadzuka. Dengu linakwera m'mwamba ngati mwezi. Anaponya phazi loyamba.

"Bambo," anatero a Mfuko, osakweza mawu, "ine sindidziwa kuti kutuwa n'chiyani. Ngati n'chamanyazi, pepani. Koma ndikufuna kumufunsa mwana wanga kanthu kena popanda mtengo wonse kumva."

Mwendo uja unatsika, ndipo ulendo uno sunabwerere.

"Ndi wanga!" anakuwa Birimankhwe. "A Ngaka, wotuwayu ndi wanga! Ndinamuluka ndine!"

Koma a Njovu anali atafika kale pamiyala ya kumapeto kwa bwalo, ndipo liwiro la birimankhwe mumalidziwa. Akanati athamange, akanafika chaka chamawa. A Ngaka anasuzumira pansi kuchokera pamwamba paja, n'kusuntha mchira pang'ono.

"Kampata kaja mumakadziwa," anatero. "Lero ndakuona, ndipo ndalola."

Lilime linati tsopu, kunyamula wotuwa. Linatambasuka, ana inu, linatambasuka kudutsa bwalo lonse, kudutsa pakati pa madontho a mvula osanyowa, mpaka linati thi, m'dengu! A Ngaka anadzipinda, ndi! A Njovu analowa m'nkhungu. Kunangotsala phokoso la mapazi, kenako fungo la dothi lonyowa.

Anawoloka madzi ali m'mawondo. Pobwerera anali m'chiuno. M'mawa mwake mtsinje unadzaza mpaka m'mitengo.

Mvula inagwa, inagwa. Bowa anamera. Mlandu wa lilime unakambidwa, ndipo chilango cha Birimankhwe chinali choti chaka chonse aziyesa mapulogalamu a anzake, iye osaluka yake. Wowala uja anamupachika panthambi, n'kumachotsako mtundu umodzi umodzi mpaka anapeza mawu, n'kukamupereka kwa a Mfuko m'malo mwa wawo uja anapita tsidya.

Tsiku lina mvula itakata, ulusi wa Kangaude unanjenjemera. Timadontho ta pa ulusiwo tinagwa motsatizana, kuchokera kumtsinje kukwera phiri, mpaka pakhomo pa una wa a Mfuko. Khwangwala anatera msanga.

"Odi, amayi! Kwabwera uthenga. Ndikuwerengereni?"

"Zikomo, bambo. Pumulani."

Analowa mkati. Khwangwala anaika khutu panthaka mpaka nyerere zinamulowa, koma sanamve kanthu. Zimene mayi ndi mwana anauzana ine sindikuzidziwa, ndipo musandifunse, chifukwa ntchito yonse ya Nong'ona inali yoti ine ndi inu tisadziwe. Ndingodziwa kuti ulusi unanjenjemera tsiku lonse, kupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera, mpaka Kangaude anadandaula kuti miyendo yachita dzanzi.

Dzuwa litapendeka, nthaka inatukuka pansi pa nthambi ya Birimankhwe. Ubweya wa kumaso kwa a Mfuko unali wonyowa, koma mvula inali isanagwe tsikulo.

"Bambo, muli pamenepo?"

"Ndilipo, amayi."

"Ndili ndi mdzukulu. Anabadwa kalekale, akukumba kale yekha. Mwana wanga sakanauza khwangwala za pathupi, nanga zotero amalengeza pamtengo? Lero ndamva dzina lake." Anapuma pang'ono. "Tandiuzeni. Paja mumati Nong'ona ameneyu ndi wamtundu wanji?"

"Wotuwa, amayi."

"Kutuwako n'kotani?"

Birimankhwe anayang'ana tizigoba take ta utoto, anayang'ana nkhungu ikutsika phiri pang'onopang'ono.

"N'konga zimene mwamva lerozo," anatero.

"Oo," anatero a Mfuko. "Ndiye ndi mtundu wabwino. Musausinthe."

Mpaka lero, mukamuona birimankhwe panjira, muone mwendo wake. Amaukweza, amaubweza, amaukweza, amaubweza. Akufunsabe mumtima: ndiwonjezere kamodzi kokha, kapena ndileke? Koma mudikire pang'ono, muona kuti pamapeto pake amauponda.

Phunziro lake ndi ili, ana inu: chotuwa chimene chawoloka mtsinje chiposa chowala chimene chatsala m'manja mwa mwini wake.

Ehee, onani babu layaka! Bwera kuno iwe wa mbali imodzi, timalize asanasinthe maganizo. Weramitsa mutu. Zonse ndakuuzanizi n'zoona, monga ndinalumbirira, lilime, dengu, njiwa, zonse. Kupatula paja ndinati magetsi a m'phirimo sankathima. Apo pokha ndathira mchere, nanga dziko lotero linakhalapo kuti?